Chitsulo Chimene Arcesio Anatola Kuphompho

Arcesio Buitrago anabadwira kumtunda kwa tauni ya San Gervasio, kumene minda ya khofi imakwera phiri mpaka kukalowa m'mitambo. Bambo ake anali munthu wa nyulu. Ankasenzetsa nyamazo matumba a khofi n'kumatsika nazo kumsika, ndipo ankati ana awo awiri adzalandira zingwezo iwo akadzatopa. Sizinatheke. Chaka chimene analambula msewu wokwera ku Alto Bonito, kunafika galimoto yoyamba yam'mapiri ikubangula, matope thupi lonse. Arcesio ndi mkulu wake Gildardo anangoiona kamodzi, nkhani ya nyulu n'kuthera pomwepo.

Galimoto zimenezo zinali zazifupi, zamaso ozungulira, denga la tenti, zitseko palibe. Paliponse pamene nyulu ingaponde, izo zinkakwera. Zinkanyamula khofi, mikoko ya nthochi, nkhumba, mabedi a anthu osamuka, akwati, mabokosi a maliro, ndipo pamwamba pa zonsezo pankakhalanso anthu khumi ndi awiri, ena atalendewera kumbuyo ngati mileme. Gildardo ndiye anayamba kugula yake. Arcesio anatsatira patapita zaka zitatu. Anagula yobiriwira, yogwirapo kale ntchito, naitcha La Mansa chifukwa cha kufatsa kwake pokwera mtunda.

Abale awiriwa sankafanana. Gildardo anali wanyimbo, woseka ndi mano onse, ndipo anthu ankamudziwa ali kutali chifukwa cha hutala yake. Arcesio anali wachete. Ankayendetsa pang'onopang'ono, mutu utapendekera kumodzi ngati akumvetsera nkhani ya kuseri kwa khoma, ndipo madalaivala anzake ankati ameneyu amagwira chiwongolero ali kutulo. Iye sankatsutsa. M'mawa, nkhungu ikadzaza chigwa chonse, msewu unkaoneka ngati ukuyandama pamkaka, ndipo nthawi imeneyo ankaiwaladi kuti kumbuyo kuli anthu. Ankangoona mitengo ikutuluka m'nkhungumo umodziumodzi, kumupatsa moni n'kubwereramo.

Gildardo anafa Lachiwiri m'mawa, nyengo yokolola. Ankatsika yekha ndi matumba a khofi. Pokhota pena potchedwa La Oreja, pamene msewu umapindika ngati khutu la munthu, galimoto yake sinakhote. Inangopita molunjika, n'kukagwa kuphompho. Amene anatulutsa mtembo anati mkamwa mwake munkamveka kafungo ka kachasu. Apolisi analemba zomwezo, ndipo pamaliro wansembe analankhula nthawi yaitali za mowa, maso ali kwa madalaivala.

M'mawa mwake Arcesio anamanga chingwe kumtengo natsikira kuphomphoko. Khofi anali mbwee m'tchire monse. Pansi pa galimotoyo anapeza kuti chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi matayala akutsogolo, chimene madalaivala amachitcha mkono, chathyoka pakati. Anachiyang'ana pothyokapo nthawi yaitali. Mbali yaikulu inali yakuda, yosalala, yokhala ndi timizere tozungulira ngati ta pachigoba cha nkhono. Kambali kakang'ono kokha ndiko kankawala ngati chitsulo chothyoka dzulo. Anamasula chidutswacho napita nacho kupolisi.

"Bambo Buitrago," anatero mkulu wa apolisi akuchitembenuza ndi chala, "galimoto yogwa kuchokera kumwamba kuja, mukufuna chitsale chiyani chosathyoka? Pitani mukalire m'bale wanu."

Arcesio anachikulunga m'kansalu konyowa ndi oilo, nachiika m'chitini cha mabisiketi, nachikweza pamwamba pa kabati. Chinakhala pamenepo zaka makumi atatu ndi ziwiri.

M'zaka zimenezo anakwatira, anabereka ana atatu amene anakula n'kupita ku Pereira, anaika mkazi wake m'manda, tsitsi linachita mbuu. La Mansa anaisintha injini kawiri, matayala osawerengeka. Koma Lachinayi lililonse ankaima pakhomo pa Rubiela, mkazi wa malemu Gildardo, amene anatsala m'kanyumba kamatabwa kumapeto kwa msewu akusoka zovala za anthu. Ankamubweretsera ulusi, mchere ndi sopo. Rubiela ankamuthirira khofi wakuda, ankakambirana za mvula ndi za mbozi za m'minda, kenako Arcesio ankavala chipewa n'kumapita. Dzina la Gildardo silinkatchulidwa m'nyumbamo. Chimwalirireni mwamuna wake, Rubiela sankaika ngakhale chithunzi chake pakhoma, ndipo anthu ankati mayiyo sanakhululuke kuti mwamunayo anamusiya ndi khanda chifukwa cha botolo.

Tsiku lina wailesi inalengeza kuti boma layamba kufufuza galimoto zakale zam'mapiri. M'maboma atatu osiyana munachitika ngozi zofanana m'chaka chimodzi: galimoto ikuyenda bwinobwino, dalaivala n'kupotoza chiwongolero, matayala osamvera. Akatswiri a boma ankakayikira mkono uja.

Madalaivala a ku San Gervasio anasonkhana pabwalo la tauni, pansi pa mtengo waukulu pamene amaimika galimoto zawo. Nicanor Ocampo, wapampando wa bungwe lawo, munthu wamimba yake ndi mawu ake, anakwera pabampala.

"Anthu awa ndimawadziwa," anatero. "Amabwera ndi nsapato zoyera, amayang'ana pansi pa galimoto ngati akufuna mazira, kenako amakalemba kuti zonse ndi ziphapha. Khofi wapsa kale m'minda. Akatiimitsa, atsitsa ndani? Iwowo pamutu? Akafunsa, galimoto zathu sizinadwalepo. Mwamva, a Arcesio, kapena muli kutulo?"

"Ndamva," anayankha Arcesio.

"Galimoto yanuyo ndiye asaione n'komwe. Akaiona aitengera kumyuziyamu, inuyo n'kukuikani pambali pake ndi kachikwangwani pakhosi."

Anthu anaseka. Arcesio anamwetulira pang'ono.

Wofufuzayo anafika Lolemba, ndipo sanavale nsapato zoyera. Anali mayi wamtali wa zaka ngati makumi anayi, dzina lake Yadira Mosquera, wovala ovolosi yabuluu yothimbirira m'maondo. Madalaivala ankamutcha dokotala, monga amatchulira aliyense wochokera ku Bogotá ndi mapepala. Masiku awiri anakwawa pansi pa galimoto zimene eni ake analephera kubisa, akugogoda, akujambula, akulemba. Akafunsa ngati mkono unathyokapo kwa wina aliyense, onse ankayang'ana kumwamba.

"Kuno, adokotala, chimathyoka ndi mitima basi," anatero Nicanor. "Akazi akuno ndi ankhanza."

"Yanuyo ndiye ikuoneka kuti yawotcheredwa kangapo," anayankha Yadira ali pansi pa galimoto, osatulutsa mutu.

Lachitatu m'mawa mayiyo anati akufuna kuona msewu weniweniwo, ndipo galimoto imene inali pamzere wonyamuka inali La Mansa. Anakhala kutsogolo. Nkhungu tsiku limenelo inali yothithikana moti magetsi ankangothera pamphuno pa galimoto. Anakwera mtunda akudutsa mipanda yonyowa, ng'ombe zoima ngati zosema, mayi wina wonyamula maluwa amene anaonekera kamphindi n'kusungunukanso. Okwera anatsika mmodzimmodzi pazipata za minda mpaka anatsala awiri okha.

"Mumayendetsa ngati mwanyamula mazira, Don Arcesio," anatero Yadira.

"Ndimamvetsera."

"Mumamva chiyani?"

"Nthawi zambiri palibe. Koma munthu sadziwa tsiku limene chidzalankhule."

Atafika pa La Oreja, Arcesio anaimitsa galimoto nazimitsa injini. Kunali zii, kupatula madontho ogwa m'masamba a nthochi. Phompho silinkaoneka, linali litadzaza nkhungu mpaka pakamwa, moti munthu akanaganiza kuti angathe kuyendapo. Arcesio anakhala manja ali pachiwongolero. Anaganiza za Nicanor, za khofi wofiira m'mitengo, za mabanja makumi anayi amene amadya kuchokera m'galimoto zimenezi. Kenako anapisa dzanja pansi pa mpando natulutsa chitini cha mabisiketi. Anali atachiika pamenepo kuyambira tsiku limene wailesi inalengeza, osadziwa ngati adzachitulutse.

"Ichi n'cha mkulu wanga," anatero. "Anagwera apa. Apolisi anati analedzera."

Yadira anafutukula kansalu kaja mosamala. Anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu m'thumba la ovolosi, nayang'ana pothyokapo.

"Anakuuzani ndani kuti muchisunge mu oilo?"

"Palibe. Ndinkangoopa dzimbiri."

"Papita zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi ziwiri."

"Zitsulo zina zonse za pangozi zija zimene ndapeza n'zadzimbiri, kapena amakaniko anazipala kale. Ichi chili ngati chathyoka sabata yatha, ndipo nambala yake ikuwerengeka." Anakweza maso. "Don Arcesio, ndisakunamizeni. Ndikapita nacho ichi, mwina galimoto zonsezi ziima. Yanunso."

"Ndikudziwa."

"Anzanu adziwa kuti ndinu."

"Kuno nkhuku ikaikira dzira kumtunda, kumsika amadziwa lisanazizire. Tengani."

Patapita milungu itatu chikalata cha boma chinamatidwa pakhomo la ofesi ya bungwe. Mikono ya nambala yakutiyakuti, yopangidwa ndi kampani ina yakunja imene inatseka kalekale, inali ndi vuto la chibadwire: inkang'aluka pang'onopang'ono kuyambira mkati mwa pokhota pake. Galimoto iliyonse yokhala ndi mkono wotere iime kufikira itaikidwa wina. Ku San Gervasio, pa galimoto makumi anayi, makumi atatu ndi imodzi zinaima.

Yadira anabweranso ndi anzake awiri kudzayeza mkono uliwonse. Ankaupopera mankhwala ofiira, kuupukuta, kenako kuupopera ena oyera. Pakakhala mng'alu, pankatuluka kamzere kofiira ngati ulusi. Wa Nicanor unatuluka woyera tetete, ndipo iye anaunyamula m'mwamba kuzungulira nawo bwalo lonse.

"Onani matenda aja. Tayima pakati pa zokolola chifukwa cha maloto a munthu mmodzi. A Arcesio, mukalota china usiku uno mutiuze msanga, tigulitsiretu matayala."

Mikono isanu ndi iwiri inatulutsa kamzere. Umodzi mwa iyo unali wa La Mansa, ndipo kamzere kake kanali katadutsa theka. Arcesio anauyang'ana, nakumbukira ana asukulu amene anatsika nawo Lachisanu lapitalo akuimba kumbuyo. Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande. Zaka zonse zomvetsera zija, sanamve kanthu.

Mikono yatsopano inachedwa milungu isanu ndi umodzi. Madalaivala ambiri analeka kumupatsa moni. Pamalo omwera khofi, akalowa, nkhani inkaduka. Wina anamulembera pagalasi la La Mansa ndi chala m'fumbi mawu oti Kazitape. Sanawafufute, mvula ndiyo inadzafufuta.

Nyulu zinabwerera mumsewu. Alimi anazitulutsa kumene zinkangodya udzu, ena anabwereka kumidzi ya kuseri kwa phiri, ndipo anthu odziwa kumanga katundu pamsana pa nyulu anapezeka kuti atsala ochepa. Arcesio anali mmodzi wa iwo. Manja ake anakumbukira okha mfundo za bambo ake. Motero pa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu anayamba kuyenda pansi msewu umene anaudutsa pagalimoto moyo wake wonse, ndipo unali ngati msewu wachilendo. Anapeza kasupe kuseri kwa mwala umene ankangoudziwa ngati chinthu chozemba. Anapeza kuti nyumba yapinki ya pamtunda wachiwiri ili ndi nkhalamba yakhungu imene inkadziwa La Mansa ndi kulira kwake, ndipo inamufunsa ngati dalaivala wa galimoto yofatsa ija wamwalira. Nthawi zina, m'nkhungu, ankamva hutala kutali kumunsi, kawiri kafupi, kamodzi kotalika, monga ankaimbira Gildardo. Ankaimitsa nyulu n'kudikira. Sipankabwera kanthu, koma sankachita mantha. Ankangoyenda nayo hutalayo m'makutu mpaka kumsika.

Sabata yachisanu analandira kalata ya pamanja kuchokera kwa Yadira. Anaiwerenga kawiri ataima papositi, naipinda, ndipo Lachinayi anakwera nayo kwa Rubiela wapansi.

Anamupeza akusoka diresi la mwana la ubatizo. Khofi atathiridwa, Arcesio anachotsa chipewa nachiika pabondo.

"Mlamu, ndabwera ndi nkhani ya Gildardo."

Makina osokera anaima. Rubiela sanatembenuke.

"Werengani," anatero.

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Yadira analemba kuti chitsulo chija anachiyeza. Mng'alu unayamba miyezi yambiri ngozi isanachitike, ndipo m'mawa umenewo chitsulo cholimba chinali chitatsala chopyapyala ngati chikhadabo. Za mowa iye sakanatha kunenapo kanthu, chifukwa chitsulo sichisunga zimenezo. Chimene akanatha kunena n'chakuti pamene mkono unathyoka, panalibe munthu padziko lapansi, woledzera kapena wosaledzera, amene akanakhotetsa galimotoyo.

Kunja nkhungu inkadutsa pawindo ngati anthu ovala zoyera opita kwinakwake.

"Anamwa ndithu," anatero Rubiela.

Arcesio anamuyang'ana.

"Ndinamuthirira ndine. Anali ndi chifuwa, usiku wonse anakhosomola. M'mawa ndinati usapite, iye anati khofi wa eni ake sadikira chifuwa. Ndiye ndinamuthirira kachasu m'khofi, kachivindikiro kamodzi, kuti pakhosi patseguke. Anaseka, anati uwonjezere kena, ndinawonjezera." Anasalaza kadiresi kaja ndi chikhatho. "Anthu amati ndinakwiya naye. Ndikanakwiya naye bwanji? Chithunzi chake ndinachibisa chifukwa sindinkatha kumuyang'ana m'maso."

"Zaka zonsezi, mlamu, osandiuza?"

"Inunso zaka zonsezi muli ndi chitsulo pakabati, munandiuza?"

"Ndinkaopa kukutsegulani chilonda."

"Taonani anthu awiri opusa," anatero Rubiela, naseka pang'ono, misozi ikutsikira m'makwinya. "Lachinayi lililonse kukambirana za mbozi."

Anapempha kuti amuwerengerenso mzere womaliza uja. Arcesio anawerenga. Anapemphanso kachitatu, kenako anatenga kalatayo naiika m'thumba la epuloni, nanyamuka kukasonkha moto. Tsiku limenelo Arcesio sanafulumire kuvala chipewa. Anadya nyemba ndi nthochi zokazinga, ndipo Rubiela anamusimbira mmene Gildardo anamufunsirira: anaimitsa galimoto yodzaza anthu pakati pa mtsinje nakana kuwoloka mpaka atayankhidwa, okwera onse n'kuyamba kumuchonderera mtsikanayo kuti avomere chifukwa madzi ankalowa m'nsapato. Arcesio nkhaniyo anali asanaimvepo.

Mikono yatsopano itafika, galimoto zinabwerera pamzere. Eni ake a zisanu ndi imodzi zija zotulutsa kamzere kofiira anayamba kumupatsanso moni, wina anamusiyira thumba la malalanje pampando osanena kanthu. Nicanor sanasinthe. Mpaka lero amati boma linawadyera zokolola za chaka chimenecho, ndipo mkono wake woyera uja anaupachika pakhoma la ofesi kuti aliyense aziuona.

Arcesio anayendetsa zaka zina ziwiri. Kenako maso anayamba kuchita chifunga ngakhale dzuwa lili phwee, ndipo tsiku lina anapatsa moni chitsa poganiza kuti ndi munthu. Sanadikire kuti wina amuuze. La Mansa anaipereka kwa Marleny, mwana wa Gildardo, khanda lija la nthawi ya ngozi, amene tsopano anali mayi wa ana awiri ndipo ankayendetsa lole ya mkaka ku Manizales. Marleny anabwerera kwawo, anaipaka La Mansa utoto wachikasu amalume ake akudandaula, nalowa pamzere pakati pa amuna makumi atatu ndi asanu ndi anayi.

Ulendo wake woyamba wokwera ku Alto Bonito, Arcesio anafuna kukhala kutsogolo kuti azimulangiza.

"Iyayi, amalume," anatero Marleny. "Mukakhala apa muzingoponda buleki ya m'maganizo, ine n'kusokonezeka. Kumbuyo."

Arcesio anakwera kumbuyo, pakati pa thumba la feteleza ndi mayi wina wonenepa wonyamula nkhuku m'dengu. Kunali kofunda, tenti inkanunkha mvula yakale, ndipo injini inkamveka mosiyana ndi mmene ankaimvera kutsogolo, yakuya, ngati munthu wong'ung'udza nyimbo m'chipinda china. Asanafike pamlatho woyamba mutu wake unali utatsamira phewa la mayi wankhukuyo. Mayiyo anafuna kumugwedeza, koma mlimi wina wokhala moyang'anana nawo anamuletsa ndi dzanja.

"Asiyeni agone," anatero. "Tikawadzutsa kumapeto."